Katapila Asanalowe M'madzi, Tifunse Kaye Chilolezo

Mchenga ndi chinthu chimene ambirife sitichiwerengera. Timauponda, timausesa, timaukutumula m'nsapato. Koma mufunse aliyense amene akumanga nyumba pa Golomoti kapena pa Mtakataka, akuuzani kuti masiku ano mchenga ndi ndalama. Ukangochoka mumtsinje n'kukwera thiraki, wasanduka katundu wokhala ndi mtengo wake. Ndipo pamene pali ndalama, makina sachedwa kufika.

Sabata ino ndikufuna tikambirane za ntchito yokumba pansi pa madzi, kutanthauza kuchotsa mchenga ndi matope m'mitsinje, m'ngalande, padoko, ngakhalenso m'mphepete mwa nyanja. Ena amakumba kuti madzi adutse bwino, ena kuti sitima ikocheze, ena kuti agulitse mchengawo. Zifukwa n'zosiyana, koma kwa nsomba imene imakhala pansipo n'chimodzimodzi, nyumba yake yapita.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Nthawi yabwino yofunsa mafunso ndi pamene katapila asanalowe m'madzi, ndipo malamulo a dziko lino anatipatsa kale mpata wofunsa. Chimene chikusowa ndi anthu ougwiritsa ntchito mpatawo.

Mchenga umachokera kumtunda

Tiyambe ndi malo athu. Mua ali m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pamene dziko limatsetsereka kuchoka kumtunda kozizira n'kufika kuchigwa chotentha cha kunyanja. Amene munatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita pa Golomoti mukukudziwa kutsetsereka kwake. Madzi a mvula amatsikanso momwemo, kungoti iwo alibe mabuleki.

Mitsinje ya kuno, monga Nadzipokwe umene umadutsa pafupi ndi mishoni ya Mua, Namikokwe ndi Livulezi, imayambira kumapiriko n'kulowera kunyanja. Mitengo ikakhala yambiri m'nkhalango ya Mua-Livulezi ndi m'minda ya m'mapiri, mizu imagwira dothi, madzi amatsika pang'onopang'ono. Mitengo ikatha chifukwa cha makala ndi minda yatsopano, mvula imakokolola dothi lonse, mtsinje n'kusanduka wofiira ngati phala la mawere.

Madziwo akafika pachigwa, liwiro limatha. Liwiro likatha, amatula katundu wawo. Mchenga umakhazikika pansi pa mtsinje, chaka ndi chaka, mpaka mtsinje umene unali wakuya kusanduka mbale. Mvula yamphamvu ikabwera, madzi amasowa kolowera, amasefukira m'minda ndi m'midzi, nthawi zina mtsinje n'kudzitsegulira njira yatsopano. Anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto sachita kuuzidwa za madzi osefukira. Amawadziwa ndi miyendo yawo.

Ndiye munthu akaimirira pamsonkhano n'kunena kuti tiyeni tikumbe mtsinjewu, musadabwe anthu akuomba m'manja. Akulankhula zimene zikuwapweteka.

Kukumba kumafunika ndithu

Ndisakunamizeni, pali malo amene popanda kuchotsa mchenga moyo ungaime.

Chitsanzo chapafupi ndi sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo inayamba kugwira ntchito cha m'ma 2000. Ndi mahekitala pafupifupi 800 a mpunga ndi chimanga, ndipo madzi ake amachokera mumtsinje wa Namikokwe. Mdani wake wamkulu kuyambira pachiyambi wakhala mchenga wolowa m'ngalande. Ngalande ikadzaza, alimi a kumapeto kwa sikimu salandira madzi, ndipo mikangano imayamba pamenepo. Damu limene linamangidwa pambuyo pake pa Namikokwe ndi thandizo la European Union nalonso lili pa ngozi yomweyo, chifukwa damu lililonse limasunga madzi pamodzi ndi dothi limene madziwo abwera nalo.

Kumpoto kwathu, m'boma la Salima, kuli doko la Chipoka, pamene njanji yodutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka imakumana ndi nyanja. Zaka zimene nyanja inaphwa kwambiri, cha m'ma 2016 ndi 2017, sitima zikuluzikulu zinkalephera kukocheza chifukwa madzi anachepa, mchenga n'kuchuluka. Doko lopanda sitima ndi simenti chabe. Ngati tikufuna katundu aziyendanso panyanja n'kumatsikira pa Chipoka, nkhani yochotsa mchenga siingazembedwe.

Ngakhale magetsi amene mwatchajira foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi akukhudzidwa. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kampani ya EGENCO imalimbana ndi matope odzaza m'madamu ake pogwiritsa ntchito makina oyandama okumba pansi pa madzi. Matope akachuluka, madzi osungidwa amachepa, magetsi nawonso amachepa.

Choncho sindikunena kuti tisakumbe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Funso ndi lakuti tikumbe pati, nthawi yanji, mozama bwanji, ndipo matopewo tikawatayire kuti. Mafunso anayi amenewa ndi amene amasiyanitsa ntchito yokonza ndi ntchito yowononga.

Pansipo pali eni ake

Tikaima pagombe timangoona madzi ndi mchenga. Koma pansipo pali mudzi.

Tengani chambo. Nthawi yoswana ikakwana, chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga wa pansi pa nyanja, chozungulira ngati beseni. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo, kenako n'kuwatola m'kamwa. Chimawasunga m'kamwa momwemo mpaka ataswa, ndipo chimapita ndi anawo kumadzi osaya, pamene pali bango ndi udzu wa m'madzi, kuti akakulire pobisika. Kasawala amene mumamuona m'mphepete mwa nyanja ndi chambo cha mawa. Ndiye taganizirani makina akuyamwa mchenga pamalo a zisa, kapena katapila akuzula bango pamathiriro a mtsinje. Simunaphe nsomba ndi imodzi yomwe ndi dzanja lanu, koma mwatseka chipinda chobadwira.

Kampango nayenso amakhala ndi chisa chake pansi, ndipo amalondera ana ake mpaka atakula ndithu. Mpasa, sanjika ndi ntchila zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje nthawi ya mvula kukaswana. Mpasa imafuna madzi oyera ndi timiyala ta pansi pa mtsinje. Matope akakwirira timiyalato, mazira amabanika.

Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pa ngozi yotheratu padziko lonse, linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pa ngozi yaikulu zedi. Ntchila, imene agogo athu amaisimba kuti inali yosasowa pamsika, ilinso m'gulu lomwelo. Chifukwa chachikulu ndi kupha nsomba mopyola muyeso, izo n'zoona. Koma nsomba imene yatsala pang'ono kale siingapirire kuti tiigwetserenso nyumba.

Kukumba kumavundula madzi. Matope oyandama amatseka kuwala kwa dzuwa, ndere zimene nsomba zambiri zimadya sizimera bwino, ndipo dothi limamatirira m'makha mwa nsomba. Madzi ovundukawo sakhala malo amodzi, mphepo ya mwera imawakankhira kutali. Kutsidya kwa chigawo chathu cha nyanjayi kuli dera la Nankumba ndi Cape Maclear, kumene kuli Lake Malawi National Park. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola tija timene timadya ndere za pamiyala ndipo sitipezeka kwina kulikonse. Madzi sadziwa malire a boma la Dedza ndi boma la Mangochi.

Palinso eni ena akuluakulu. Ng'ona imaikira mazira mumchenga wa m'mbali mwa madzi nthawi ya chilimwe, nthawi yomwenso okumba mchenga amakonda kugwira ntchito chifukwa madzi achepa. Mvuu imausa m'madzi pafupi ndi mabango masana, usiku n'kutuluka kukadya. Mukaisokoneza pamalo ake, siisamukira ku Mozambique ayi, imalowera m'munda wa mpunga wa munthu. Mikangano yambiri ya anthu ndi nyama imayamba chonchi. Katumbu, nkhwazi, akakowa ndi nkhanu, onsewa amadalira kamzere kakang'ono kamene madzi amakumana ndi mtunda.

Ndipo ife anthu tili momwemo. Maenje amene amatsala pokumba mchenga amasunga madzi osayenda, mmene udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo zimaswana. Mwana akagweramo nthawi ya mvula, nkhani imakhala ina.

Pepala lija limanena chiyani?

Tsopano tifike pa malamulo. Musathawe, ndiyesa kuwaphweketsa.

Lamulo lalikulu ndi Environment Management Act la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1996. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene ambiri timangoti MEPA. Limanena kuti ntchito imene ingasokoneze chilengedwe isayambe popanda kuunikidwa kaye. Mwini ntchito amalemba chikalata chofotokoza zimene akufuna kuchita n'kuchipereka ku MEPA. Bungweli limaona kukula kwa ntchitoyo. Ikakhala yaing'ono, lingafune ndondomeko yosamalira chilengedwe basi. Ikakhala yaikulu, kapena ili pamalo osachedwa kuwonongeka ngati gombe la nyanja, dambo kapena pafupi ndi paki, pamafunika kafukufuku wathunthu wotchedwa ESIA, woona mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu.

Apa mpamene ife timalowera. Kafukufuku ameneyu sakwanira popanda kufunsa anthu okhudzidwa. Asodzi, alimi, amayi otunga madzi ndi kuchapa pamtsinje, mafumu, achinyamata, onse ayenera kumvedwa, ndipo zimene anena ziyenera kulembedwa mu lipotilo. MEPA ikavomereza, imapereka chiphaso chokhala ndi malire ake: kumbani apa, osati apo, miyezi iyi musagwire, matope mukatayire uko, mukamaliza mukonze chonchi. Mwini ntchito akaphwanya malirewo, bungweli lili ndi mphamvu yoimitsa ntchito. Lamulo lomweli limatinso munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi athanzi, ndipo akhoza kupita kukhoti kukauteteza.

Chiphaso cha MEPA si chokhacho. Madzi a m'mitsinje ndi m'nyanja amayang'aniridwa ndi National Water Resources Authority pansi pa lamulo la madzi la 2013, ndipo kusintha njira ya mtsinje kapena kumanga m'madzi kumafuna chilolezo chawo. Mchenga wogulitsa umagwera pansi pa malamulo a migodi, amene anakonzedwanso mu 2023, ndipo khonsolo ya boma nayo imakhala ndi mbali yake. Nsomba zili ndi lamulo lake la 1997, limene linapereka mphamvu kwa makomiti a asodzi a pagombe, ma BVC aja. Mvuu ndi ng'ona zimatetezedwa ndi lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire.

Mwina mukuti, mapepala onsewa si ochedwetsa chitukuko? Nthawi zina amachedwetsadi. Koma taonani chinthu ichi. Chaka chilichonse kuyambira mu Novembala, boma limatseka nyanja kwa asodzi a makoka kuti chambo chiswane. Msodzi wogwidwa nthawi imeneyi amalandidwa ukonde. Amalume anga, amene akhala akupalasa bwato kuyambira ine ndisanabadwe, anandifunsapo funso limene lakhala likundizungulira m'mutu. Anati, "Iwe mphwanga, poti unapita kusukulu, tandiuza. Ine akundiletsa kuponya khoka kuti nsomba iswane. Nanga makina aja akamakumba pamalo pomwepo mwezi womwewo, nsombayo iswanira kuti?" Ndinangoti, "Amalume, funso limenelo mukalifunse pamsonkhano, ndipo muonetsetse kuti alilemba." Chilolezo cholembedwa bwino ndi chimene chimachititsa kuti lamulo limene limamanga msodzi limangenso mwini makina.

Zinachitikapo kwina

Kuti muone kuti pepalali si nthabwala, kumbukirani doko la Nsanje. Mu Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko limeneli ndi mwambo waukulu, ndipo atsogoleri a Zimbabwe ndi Zambia, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, analipo. Loto linali lakuti katundu azibwera pamadzi kuchokera ku nyanja yamchere ya India kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Chombo chimene chimayembekezeka tsiku limenelo sichinafike, chinagwidwa ku Mozambique. Boma la kumeneko linaumirira kuti pachitike kaye kafukufuku woona ngati njirayo ingatheke ndi mmene ingakhudzire chilengedwe, chifukwa kuti zombo zidutse pamafunika kukumba mchenga wochuluka, osati kamodzi koma chaka ndi chaka. Ndale zinalowapo, sitingakane. Koma mfundo ndi yakuti simenti inatsogola, kafukufuku n'kubwera pambuyo, ndipo mpaka lero doko lija silikulandira zombo.

Musaganize kuti anangokanira Amalawi okha. Kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inkafuna kunyamula malasha a ku Tete pamadzi kudzera mu Zambezi yemweyo, zimene zinkafunanso kukumba mtsinje. Mu 2012 boma la Mozambique linakana, potchula za chilengedwe. Patapita zaka ziwiri kampaniyo inagulitsa migodi yake ya ku Tete pa mtengo wa madola 50 miliyoni, itaigula ndi mabiliyoni. Ngati chilolezo chingagwetse mapulani a kampani yotere, ndiye kuti si kapepala wamba.

Chitsanzo china chili pafupi, ku Nkhudzi Bay m'boma la Mangochi. Kumeneko ntchito yopereka madzi a m'mipope inafuna kumanga thanki paphiri la Nkhudzi, limene lili mkati mwa paki ya Lake Malawi. Anthu a m'midzi amafuna madzi abwino, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, poti amamwa a m'nyanja ndi kugwidwa ndi ng'ona. Mabungwe a zachilengedwe amaopa kuti dothi lochokera paphiripo likokolokera m'madzi mmene muli mbuna. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti, ndipo ntchito inapitirira pambuyo pake. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti mkangano wonse unazungulira pa lipoti la ESIA, ndani anafunsidwa, analemba chiyani, malire ake ndi ati. Amene analiwerenga ndi amene anali ndi mawu.

Ndipo musati izi n'zakutali. Mchenga wakuda uja umene mumauona m'magombe ena uli ndi miyala ya mtengo wapatali monga ilmenite ndi zircon, imene amapangira penti yoyera ndi matailosi. Akatswiri a za miyala anaupeza wochuluka ku Makanjira m'boma la Mangochi komanso kuzungulira Chipoka. Tsiku lina wina adzabwera ndi galimoto yoyera n'kuitanitsa msonkhano pansi pa mtengo. Tidzakhale titakonzeka.

Nanga anzathu a fosholo?

Pali chinthu chimene sindikufuna tichilambalale. Ambiri amene amakumba mchenga m'mitsinje ya kuno si makampani. Ndi anyamata amsinkhu wathu, ena tinaphunzira nawo limodzi, ndi amayi onyamula mchenga m'ndowa kukaunjika pamsewu. Akusaka ya sopo ndi ya fizi. Kuwanena kuti ndi owononga chilengedwe uli pa Facebook, utakhuta, n'kosavuta.

Koma fosholo zikachuluka pamalo amodzi zimagwira ntchito ya katapila. Gombe la mtsinje likakumbidwa m'munsi limagumuka, dimba la munthu n'kupita. Mchenga ukachotsedwa pafupi ndi mlatho, zipilala zimatsala pamtunda, ndipo msewu wa M5 umene tonse timadalira uli ndi milatho yambiri yodutsa mitsinje yomweyi. Mchenga wa pansi pa mtsinje umasunganso madzi nthawi ya chilimwe. Amayi akamafukula kadzenje mumtsinje wouma n'kupeza madzi, ndi mchengawo wawasungira. Ukatha, zitsime za pafupi nazo zimaphwa msanga.

Yankho si kuthamangitsa anyamatawa ndi apolisi. Yankho ndi lomwe lija la makampani, kungoti laling'ono: mudzi, mfumu ndi khonsolo agwirizane malo okumba ndi malo osakumba. Pakati pa mtsinje pamene mchenga waunjikana, kuchotsa kumathandiza madzi kudutsa. M'mbali mwa gombe, pafupi ndi mlatho ndi pamathiriro pamene pali bango, ayi. Ndipo zoterezi si zachilendo kwa ife. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya mvula kwa zaka zambiri, popanda kudikira wina wochokera ku Lilongwe, ndipo nsomba za kumeneko zimasimbidwa mpaka lero. Mudzi umene ungatseke nyanja ungathenso kuika malire pamchenga.

Foni ili m'manja, tiigwiritse ntchito

Ndiye tichite chiyani, ife amene tili ndi foni ndi bandulo ya intaneti?

Choyamba, msonkhano wofunsa maganizo a anthu ukaitanidwa, tipiteko. Misonkhano imeneyi nthawi zambiri imadzaza ndi akuluakulu okhaokha, achinyamata tili pa bawo kapena tikuonera mpira. Kenako timadandaula kuti sanatifunse. Pamsonkhanopo pamayenda pepala losaina. Musanasaine, funsani kuti mukusainira chiyani: kuti munabwera, kapena kuti mwavomereza? Ndalama ya thiransipoti ndi botolo la Fanta zisakutsekeni pakamwa. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, funsani mafunso amene ali ndi yankho lenileni. Mukumba kuyambira pati mpaka pati? Miyezi iti? Kodi Novembala mpaka nthawi ya mvula, pamene chambo chikuswana ndi mpasa ikukwera mitsinje, muima? Matope mukawatayira kuti, ndipo ndi munda wa yani? Bango la pamathiriro mulisiya? Maenje adzakwirira ndani mukapita? Gombe likagumuka, tidzadandaula kwa yani, ndipo nambala yake ndi iti? Pemphani kuti mayankho alembedwe, ndipo afotokozedwe m'Chichewa, osati m'Chingerezi cha m'malipoti chimene ngakhale ife a digiri chimatizunguza mutu.

Chachitatu, pemphani kuona chiphaso. Kontirakitala amene ali nacho sachita nacho manyazi. Akayamba kuzungulira, pitani kwa mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya Dedza, kapena lemberani MEPA. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limakupatsani ufulu wopempha zikalata ku maofesi a boma, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Simufunika kukhala loya kapena mtolankhani.

Chachinayi, jambulani. Jambulani mtsinje ntchito isanayambe, ikuchitika, ndi itatha, mutaima pamalo amodzimodzi. Foni imasunga tsiku, ndipo ikhoza kusunganso malo. Zithunzi zitatu zoterezi zimalankhula kuposa kukalipa kwa ola lathunthu. Koma chenjerani, musathamangire kuponya pa gulu la WhatsApp dzina la munthu mukumutcha wakuba musanatsimikize. Yambani ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, a BVC ndi amfumu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata yosainidwa ndi komiti imalemera kuposa positi ya munthu mmodzi.

Chachisanu, tithandize akuluakulu athu. Asodzi ndi alimi achikulire amadziwa pamene chambo chimakumba zisa, pamene mvuu zimatulukira, ndi pamene mtsinje unkadutsa kale. Katswiri wobwera masiku atatu sangazidziwe zimenezi. Iwo ali ndi nzeru, ife tili ndi luso lolemba ndi kutumiza. Tikaphatikiza, lipoti la ESIA limakhala ndi zoona za kuno, osati zokopera ku lipoti la boma lina.

Tisaiwale kumtunda

Chomaliza ndi ichi. Ngakhale titakumba mwaluso bwanji, ndi zilolezo zonse zili m'manja, mchenga udzabweranso ngati mapiri akhala ambee. Kukumba ndi kupungula madzi m'bwato lobooka. Thumba lililonse la makala limene limatsika Khwekhwerere lili ndi ngongole yake, ndipo amene amaibweza ndi mlimi wa mpunga ku Bwanje ndi msodzi wa kugombe. Choncho polojekiti iliyonse yochotsa mchenga imene ilibe ndime yobzala mitengo ndi kuteteza magombe kumtunda, tiifunse kuti zaka zisanu zikubwerazi idzakumbanso ndi ndalama za yani.

Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Zaka zochepa m'mbuyomo inali itaphwa mpaka sitima kusowa pokocheza. Nyanja imeneyi imapita n'kubwera, ndipo bango, madambo ndi mchenga wa m'mphepete ndi zimene zimatiteteza ikabwera ndi mkwiyo. Tikazichotsa mwachisawawa chaka cha madzi ochepa, tidzazifuna chaka cha madzi ambiri.

Madzi akatayika saoleka. Mukamva kuti kukubwera makina pamtsinje wa kwanu, musadikire kuti afike. Funsani tsiku la msonkhano, mutenge amalume anu, mutchaje foni, mukakhale kutsogolo.